Mandasi a M'kabati ya ku Holland

1

Ndiyambe ndi kukuuzani kuti ine ndine munthu wamantha. Ndikatseka chitseko ndimabwerera kukachigwedeza. Mwana akagona ndimaika dzanja pachifuwa pake kuti ndimve ngati akupuma. Sindinabadwe choncho ayi. Khalidweli linandiyamba m'chaka cha 1991, nditaika m'manda mwana wanga woyamba, Fiona, kwathu ku Mulanje. Malungo anamutenga asanakwanitse zaka ziwiri. Bambo ake, a Sosten, anali kale ku Amereka ndipo sanabwere pamaliro. Anati mapepala awo sanali bwino, akatuluka sadzaloledwa kulowanso. Anandisiya ndili woyembekezera, choncho mwanayo sanamunyamulepo ngakhale tsiku limodzi.

Dzina langa ndine Callista. Ndinawatsatira a Sosten patapita zaka ziwiri, tinapeza kanyumba kogundizana ndi tinzake ku Germantown, ndipo Mulungu anatipatsa Calvin. Tonse tinkagwira ntchito yosamalira okalamba. Iwo ankayenda m'makomo mwa anthu, ine ndinali kunyumba yosungirako nkhalamba, komwe Loweruka lililonse ndinkalowa m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka. Loweruka linali tsiku la Calvin ndi bambo ake.

Kabati ija inabwera mu February 1997, kunja kuli chipale mbuu. Anaitsitsa pa vani ya a Ferdinand, bambo wa ku Zambia amene tinkapemphera naye, ili m'zigawo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi. Ataiimika m'chipinda chochezera, mutu wake unatsala pang'ono kugunda kudenga.

"Bambo a Calvin, ichi n'chiyani? Bokosi lamaliro loimirira?"

A Ferdinand anaseka mpaka kutsokomola. A Sosten sanaseke.

"Si unkalira disipuleyi iwe? Ndi imeneyi. Yachokera ku tauni ya Falls Church, kunyumba kwa agogo Verbeek, mzungu wa ku Holland amene ndinkamusamalira nditangofika kumene uja. Nyumba yagulitsidwa, achibale andipatsa."

Inali yakuda bii, ya mtengo wolemera wotchedwa oki. Kumtunda kunali zitseko zagalasi, koma galasi lake lakalekale, lokhala ngati madzi oyenda, moti ukadziyang'anirapo nkhope imapindika. M'kati munali utoto wobiriwira wosuluka, ndipo pa mashelefu panali timikombero totuwa pomwe panakhalapo mitsuko zaka zambirimbiri. Kumunsi kunali zitseko ziwiri zathabwa, miyendo yake yosemedwa ngati zikhadabo za chilombo chofumbata mpira. Inkanunkha phula ndiponso nyumba ya anthu ena.

"Inawoloka nyanja pa sitima imeneyi," anatero a Sosten akuisisita. "Kwawoko amaikamo mbale zadothi zongoonetsa alendo, osati zodyera. Ukuona timizere tokumbidwa m'mashelefumu? Mbale imaima chilili mmenemu, osagwa."

"Nanga mbale zake zili kuti?"

"Anatenga eni ake."

Anayankha mofulumira, n'kutuluka kukatseka vani ya mnzawo yomwe inali yotseka kale.

2

Ndisaname, ndinaikonda. Mkazi wa ku Malawi amene sanalotepo disipuleyi ndani? Ndinatulutsa mbale zanga za maluwa ofiira, mphatso za paukwati zomwe ndinabwera nazo pa ndege nditazikulunga m'zitenje, ndi kuziimika m'timizere tija. Mbale iliyonse duwa lake linayang'ana kumwamba. Ine ndimatero, chinthu ndikachiika ndimadziwa mmene ndachiikira.

Lamulungu lina m'mawa ndikupukuta fumbi, ndinapeza maluwa onse atayang'ana uku ndi uku. Mbale yothyoka pamlomo, imene ndinkaibisa kumapeto, inali pakati penipeni.

"Mwagwira mbale zanga?"

"Ndigwirenji mbale ine? Mwina zimasuntha zokha, nyumba zamatabwazi zimagwedera."

Ndinazikonza. Sabata yonse zinakhala phee. Lamulungu lotsatira zinali zitatembenukanso.

Kenaka ndinayamba kuona zala pa galasi. Tizala tating'ono, koma pamwamba pomwe Calvin sakanafika ngakhale atanyanyamphira. Ndinagwada ndi kuyerekeza ndi dzanja langa. Anali mwana wa msinkhu wa sitandade 1 kapena 2. Mtima unandiuza nthawi yomweyo kuti Fiona akanakhala moyo bwenzi akufika pamenepo, koma ndinaukalipira mtimawo.

Tsiku lina masana ndikusita, ndinamva kugogoda. Calvin, amene anali ndi zaka zitatu, anali atakhala pansi patsogolo pa zitseko zakumunsi zija, akugogoda ndi supuni.

"Ukutani, bambo?"

Ana obadwira kuno umawafunsa m'Chichewa, iwo n'kukuyankha m'Chingerezi. Anandiyankha osacheuka.

"Ndikuitana Sisi. Amabisala muno."

Ndinaika ayironi pambali. Calvin sindinamuuzepo kuti anali ndi mlongo wake. Chithunzi chokha cha Fiona chimene ndinali nacho chinali pansi pa sutikesi.

"Sisi wake uti?"

"Sisi wanga. Ndi wamkulu. Amandipeza msanga ndikabisala, koma iye ndikamufuna amakhala chete, chete."

Ndinatsegula zitsekozo. Munalibe kanthu. Munali fungo la phula lija basi, ndi malo okwana mwana mmodzi atapinda mawondo.

3

Loweruka lina mu March ndinafika madzulo miyendo ili yotupa. A Sosten anali kukhitchini akutenthetsa ndiwo. Ndikuvula jekete, diso langa linapita pa kabati monga mwa masiku onse.

Pakona ya shelefu yapansi, kuseri kwa mbale zanga, panali kambale kena. Koyera, kojambulidwa ndi utoto wabuluu: kamtsikana kataima pamlatho, kakuyang'ana madzi. Kanali kataima bwinobwino m'kamzere, ngati kakhalapo chiyambire.

Sindinakuwe. Ndinathamangira kumtunda kwa Calvin, chifukwa ine chinthu chikandiopsa ndimayamba ndaona mwana. Anali m'tulo, akupuma bwino. Ndinatsika ndikuitana.

"Bambo a Calvin! Tabwerani mudzaone!"

Ndinawapeza ataima kale pafupi ndi kabati, manja ali m'matumba a jekete.

"Ndione chiyani?"

Kambale kaja kunalibe.

"Panali mbale apa. Yabuluu. Ya kamtsikana pamlatho."

"Callista," anatero motsitsa mawu, ngati mmene timayankhulira ndi nkhalamba zosokonezeka mutu kuntchito, "wagwira ntchito kuyambira m'mawa osakhala pansi. Mbale yabuluu ichokera kuti m'nyumba muno?"

"Nanga zoti Sisi? Calvin akuti muli mwana mmenemu."

Anayang'ana kumbali.

"Ana a msinkhu umenewu amapeka anzawo. Iweyo ndi amene ukundidetsa nkhawa. Za Fiona sunazitulutsebe mumtima."

Sabata yomweyo anandiperekeza kwa dokotala. Ndinafotokoza zonse, za zala, za maluwa otembenuka, za kambale. A Sosten anakhala pambali panga akugwedeza mutu mwachisoni. Dokotala anandilembera mapiritsi ogonetsa, n'kufunsa mwamuna wanga ngati mwana ali wotetezeka akatsala ndi ine. Funso limenelo linandilowa ngati singano. Dziko lino, mayi akangotchedwa wodwala mutu, mwana amatha kulandidwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa.

4

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa sindinauzepo munthu.

Fiona ankakonda mandasi. Anali ndi timano tinayi, ankawakukuta mpaka chibwano chonse mafuta okhaokha. Lachisanu lina ndinakazinga mandasi, ndipo Loweruka m'mawa, ndisanapite kuntchito, ndinaika angapo pa kambale ndi kukalowetsa kumunsi kwa kabati, mkati mwenimweni kumdima. Calvin sadya mandasi, amati ndi olimba. A Sosten sawerama kufunafuna zinthu, ngakhale sokosi zawo zomwe.

Madzulo ndinapeza kambale kali mbee. Ngakhale nyenyeswa zinali zitatoledwa ndi chala chonyowa, mzere wake ukuoneka.

Ndinakhala pansi pomwepo. Mukuganiza kuti ndinachita mantha? Mantha analipo, koma chimene chinandidzaza chinali chimwemwe chimene ndinali nditachiiwala. Mwana wanga anali atandipeza. Anawoloka nyanja yonse ija popanda mapepala, n'kupeza kabati ya eni ake yoti azibisalamo, ndipo anali ndi njala, ndipo ine mayi wake ndinamudyetsa.

Loweruka lotsatira ndinaikanso. Linalo ndinaikanso. Tsiku lina ndinapeza kambale katatsukidwa, sopo atatsalira m'mphepete, monga amatsukira mwana amene akufuna kuyamikiridwa. Ndinapita kusitolo kukagula riboni wachikasu wa kutsitsi, ndinamuika pambali pa mandasi. Nayenso anapita.

Ine wa Mvano, woimba kwaya, ndinkadyetsa mzimu m'chipinda chochezera. Mapiritsi a dokotala ndinkawataya m'chimbudzi. Kuntchito anzanga ankati ndanenepa, nkhope yawala. Ndikamapukuta galasi ndinkasiya tizala tija osatifufuta.

5

Zinasintha mu May, mitengo itaphuka. Ndinkamusambitsa Calvin, iye akusewera ndi thovu, pamene ananena mosalabadira:

"Sisi akuti adzanditenga."

"Adzakutenga kupita kuti?"

"Kumene kuli maluwa ndi miyala yambiri. Kumene anthu amagona pansi pa udzu. Akuti ndi kwabwino, kulibe phokoso."

Ndinamutulutsa m'madzimo n'kumukulunga m'thaulo. Patangopita masiku awiri Calvin anatentha thupi. Kuchipatala anati ndi matenda a m'khutu chabe, koma ine ndinali nditaonapo kale mwana akutentha chonchi, maso ali lobodo, ndipo ndinkadziwa kumene zinathera. Ndinadzifunsa kuti ndachita chiyani ine. Ndamuzoloweza wakufa pakhomo, tsopano wasungulumwa, akufuna mlongo wake.

Ndinaimbira foni Mai Chileshe, akazi a a Ferdinand, amene ankatsogolera mapemphero a amayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, za mandasi zokha ndi zimene ndinabisa.

"Manje iwe mwana wanga," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "unasunga bwanji vinthu va munthu wakufa mu nyumba muli mwana? Vinapemphereredwa? Kwanu ku Malawi mumatenga chabe katundu wa maliro n'kuika pa sitingirumu?"

"A Sosten anati ndi mphatso."

"Ba Sosten ni mwamuna, aona chabe mapulanga. Iyo kabati ichoke. Pa Saturday ba Ferdinand abwera na vani, tizaipereka kumene amataya vinyalala. Mwamuna wako akakalipa, akalipire ine."

Ndinkadziwa kuti Loweruka m'mawa a Sosten amatuluka ndi Calvin, amati amapita kukagula zinthu ndi kupaki. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito tsikulo. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu monga mwa nthawi zonse. Ndisanatuluke ndinagwada pa kabati, n'kulowetsa kambale ka mandasi komaliza.

"Undikhululukire, mwana wanga," ndinanong'ona. "Uyu yekha ndisiyire."

6

Ndinadikira kwa Mai Chileshe mpaka dzuwa litakwera, kenaka tinabwerera atatu pa vani. Galimoto ya a Sosten panalibe. Ndinatsegula chitseko, ndinalowa, ndipo ndinaima pakhomo pomwepo.

Mbale zanga za maluwa ofiira munalibe ngakhale imodzi. M'malo mwake mashelefu awiri anali atadzaza mbale zoyera ndi zabuluu, zazikulu ndi zazing'ono, za zombo, za mbalame, za nyumba zokhala ndi mapiko. Pamwamba panali mtsuko wa chivundikiro, utakhala ndendende pa kamkombero kotuwa kaja. Ndipo pakona panali kamtsikana ka pamlatho.

"Yesu Khristu!" anakuwa Mai Chileshe.

Ndinawagwira mkono mwamphamvu. "Mukuziona? Inunso mukuziona?"

"Niziona, mwana wanga, niziona!"

Ndinalira. Osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa munthu wina anali ataona chimene ine ndinaona. Sindinali wamisala.

Mai Chileshe anayamba kupemphera mokweza uku akutsitsa mbalezo ndi kuziponya m'thumba lakuda la zinyalala. Anati tikaziphwanyire kutali. A Ferdinand, amene anapita kukhitchini kukafuna madzi akumwa, anabwerako atanyamula katoni.

"Amai, taimani pang'ono. Izi si mbale za mlamu izi?"

Zinali zanga, zonse, zitakulungidwa bwinobwino m'nyuzipepala, imodziimodzi.

"Ine sininaphunzire kwambiri va mizimu," anatero a Ferdinand akukanda m'mutu, "koma iyi mizimu ya ku Holland ili na ulemu. Imakulunga na mbale mu nyuzipepala?"

"Ba Ferdinand, Satana ni wochenjera! Nyamulani!"

Tinanyamula. Chigawo chapamwamba tinachitulutsa atatu, tikupumira panjira, n'kuchigoneka pa kapinga. Chapansi chinali cholemera ngati ng'ombe. Tinali titangochifikitsa pakhonde pamene galimoto ya a Sosten inakhota pakona.

7

Anaimitsa galimoto pakati pa msewu. Kwa kanthawi palibe amene anatuluka. Kenaka chitseko chakumbuyo chinatseguka, Calvin anatsika akuthamanga.

"Amami! Amami mwabwera! Sisi, bwera udzaone amami!"

Kumbuyo kwake kunatsika mtsikana. Woyererako khungu, tsitsi lopotanapotana lofiirira, miyendo yaitali yoonda. Pachifuwa anafumbata chinthu chokulungidwa m'thaulo. Chipumi chinali cha a Sosten. Mpata wa mano unali wa a Sosten. Ndipo kutsitsi kwake kunali riboni wachikasu.

Anayang'ana kabati ili chigonere pa udzu, anayang'ana thumba lakuda m'manja mwa Mai Chileshe, kenaka anayang'ana ine. Ndinaona akulimbana ndi misozi. Anayenda mpaka pamene ndinaima, n'kugwada pa simenti, mawondo onse awiri, thaulo lili pachifuwa, mlomo wa mbale yabuluu ukuonekera.

"Muli bwanji, amayi," anatero m'Chichewa chophunzitsidwa, liwu lililonse palokha.

Anapitiriza m'Chingerezi, mofulumira, ngati akuopa kuti ndimudula.

"Dzina langa ndine Tasha. Zikomo chifukwa cha mandasi aja. Ndi riboni. Adadi ankati simunakonzeke kundiona, koma ine ndinkadziwa kuti mukundidziwa, chifukwa munkandisiyira zinthu pobisalira panga. Kabati ya amayi anga mukuitaya? Ndalakwa china chake?"

A Sosten anali atafika, makiyi akulira m'manja mwawo.

"Callista, tilowe m'nyumba ndikufotokozere."

"Fotokozani pompano. M'Chichewa, mwanayu asamve."

Anafotokoza, maso ali pansi. Agogo Verbeek anamwalira kalekale. Amene anamwalira mu January anali mwana wawo wamkazi, Vera, ndi matenda a khansa. Vera ndiye anali mayi wa Tasha. Kabati ndi mbale zinali za banja lawo kuyambira kwawo ku Holland, ndipo zinali zokhazo zimene Vera anasiyira mwana wake. Tasha ankasungidwa ndi msuweni wa Vera, Marjorie, ku Falls Church, koma Marjorie anali atanena kuti sukulu ikatsekera sangathenso, bambo ake amutenge, apo ayi apite m'manja mwa boma.

"Ndinkafuna azolowere nyumba kaye," anatero. "Ndinamuuza kuti azibweretsa mbale Loweruka lililonse, mashelefu akadzadza ndiye kuti tsiku losamuka lakwana. Ndinkaziika m'mawa, madzulo n'kuzibisa m'galimoto. Ndinkafunafuna poyambira kukuuza, Callista. Tsiku lililonse ndinkati mawa."

"Nanga kumanda kumene mwanayu akufuna kumutengera Calvin?"

"Kwa mayi ake. Timapitako nthawi zina kukaika maluwa."

"Anabadwa liti?"

Anayang'ana kumsewu.

"Ndati anabadwa liti, bambo a Calvin?"

"Mu 1990."

"Ndiye pamene ine ndinkathira dothi pa bokosi la Fiona, inu munali kuno mukusintha matewera. Mapepala amene anakuletsani kubwera ndi amenewa, agwada apawa."

"Callista..."

"Zimenezo zisiyeni, tidzakamba ndi ankhoswe. Koma munandiperekeza kwa dokotala inu. Kambale kali m'thumba la jekete lanu, munandiuza kuti ndikuona zinthu. Munakhala pampando mukugwedeza mutu pamene mzungu ankafunsa ngati ndingamupweteke mwana wanga."

Ndinaona Mai Chileshe akutsitsa thumba lija pansi pang'onopang'ono, ngati muli mazira.

Kunayamba kuwaza mvula. Madontho ankagwera pa galasi lakale lija ndi pa thabwa louma limene linawoloka nyanja osanyowa. Tasha anali chigwadire. Anavula juzi yake n'kuyesa kuphimba kona ya kabati imene anaifikira, ka juzi kosakwana ngakhale chitseko chimodzi.

Ndinamuyang'ana mwana ameneyu. Kwa miyezi itatu ndinali nditamukonda ndi chikondi cha munthu wina. Ndinafunafuna mumtima mwanga chidani choti ndimupatse, koma manja anga anali atazolowera kale kumukazingira.

"Dzuka," ndinatero m'Chingerezi. "Sunalakwe. Timafuna kukolopa kuseri kwake."

Kenaka ndinatembenukira kwa a Ferdinand. "Alamu, tibwezeretse isananyowe."

A Sosten anathamangira kugwira mbali ina.

"Inu ayi," ndinatero. "Chotsani manja."

Tinainyamula ine, a Ferdinand ndi Mai Chileshe, Tasha atatigwirira chitseko. M'thumba muja munali mutasweka mbale imodzi yokha, ya chombo. Mai Chileshe anakaimata okha ndi guluu kwawo, ndipo anaibweza atakulunga m'chitenje chatsopano.

8

Tasha anasamukira kwathu mu June, mashelefu asanadzadze. Bambo ake ndi amene anasamukira kuchipinda chapansi kwa a Ferdinand, ndipo anakhalako mpaka masamba atayoyoka. Ankhoswe anakamba nafe pa foni kuchokera ku Mulanje, mawu akudukaduka. A Sosten anabwerera. Tikukhala. Za Vera ndinawakhululukira, wakufa sulimbana naye. Za dokotala zija ndimayesa, koma mpaka lero akandiuza kuti kunja kukugwa mvula ndimasuzumira pawindo.

Papita zaka ziwiri tsopano. Tasha amanditchula kuti amami, amakazinga mandasi ake okhotakhota, ndipo amayankha Chichewa kuposa Calvin. Mbale zake zili kumtunda, zanga za maluwa ofiira zili pa shelefu yapansi, ndipo alendo amati zimagwirizana. Tinapita tonse kumanda kwa mayi ake. Kulidi maluwa, kulibedi phokoso.

Abambo amene mukuwerenga nkhaniyi, mwana wobereka kunja ndi mlandu, koma ndi mlandu woti anthu amakhala pansi n'kuukamba. Chimene simuyenera kuchita ndi kumusiya mkazi akukayika maso ake omwe kuti inu mupeze tsiku lina lopuma. Ine ndinatsala pang'ono kuphwanya zonse zimene mwana wamasiye anatsala nazo, ndikuyesa ndikupulumutsa wanga.

Koma amayi anzanga, makamaka inu amene munaikapo mwana m'manda, funso langa lili kwa inu. Tasha amauza aliyense kuti ine ndinamukonda ndisanamuone. Amati pamene dziko lonse linkakankhirana za iye, panali mayi wina amene ankamusiyira mandasi mumdima. Nkhani imeneyi ndi imene inamuimika pa miyendo yake. Kodi ndidzamuuze kuti sanali ake? Ndaganiza, ndapemphera, ndipo pakamwa pamakana.

Palinso china. Tsiku limene Tasha anatsika m'galimoto muja, aliyense anaona mwana akufika. Ine ndekha ndinaona mwana akuchoka. Fiona ndinamuika m'manda kawiri, kachiwiriko ndili chilili pa kapinga wa ku Germantown, popanda wondipepesa, chifukwa palibe amene ankadziwa kuti pali maliro.

Loweruka m'mawa ndimaikabe mandasi kumunsi kwa kabati, koma tsopano timbale timakhala tiwiri. Tasha wakula, sakwananso mmenemo, amangowerama n'kutenga kake. Anandifunsapo kuti kenako n'ka ndani, ndinati n'ka Calvin, ngakhale tonse tikudziwa kuti Calvin sadya mandasi. Sanafunsenso.

Madzulo ndikabwera kuntchito ndimayamba ndavula jekete, n'kuona ana, kenaka ndimagwada ndi kutsegula zitseko zija. Kambale kachiwiri ndimakapeza mmene ndinakasiyira.